Pokumba migodi, tizilombo ta pansi pa nthaka tisawerengedwe ndi maso okha kapena ndi peresenti ya kusiyana kwa DNA yokha

A Mkonzi,

Tikupempha malo m'nyuzipepala yanu kuti tiikepo mlomo pa nkhani ya migodi, imene masiku ano ili m'kamwam'kamwa kuyambira ku Kayelekera ku Karonga, Kasiya ku Lilongwe, Kangankunde ku Balaka mpaka ku Songwe Hill ku Phalombe. Lamulo loona za chilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito zikuluzikulu zotere ziyambe zaunikidwa, ndipo malipoti ake amapita ku bungwe la boma loteteza chilengedwe la MEPA. Anthu akamakambirana za malipotiwa amafunsa za fumbi, minda, manda ndi madzi akumwa, ndipo amachita bwino kutero. Ife tikuwonjezerapo funso ili: nanga zamoyo zokhala m'madzi ndi m'ming'alu ya miyala pansi pa nthakapo amaziwerenga ndani, ndipo amadziwa bwanji kuti apa pali mtundu umodzi, apo pali mitundu iwiri?

Tikunena tizilombo topanda fupa la msana: abale ang'onoang'ono a nkhanu, tizikumbu ta m'madzi, tinkhono, timphutsi, ndi tina tofanana ndi akangaude timene timakhala m'mphako zachinyontho pamwamba pa madziwo. Tambiri sitifika mamilimita 5. Tilibe maso, ndi toyera mbee, miyendo ndi tinyanga take n'zazitali. Timadya tinyenyeswa ta zomera ndi mabakiteriya omata pamiyala. Sitiuluka ndipo sitiyenda patali, choncho mtundu wathunthu ungathe kukhala pansi pa phiri limodzi lokha padziko lonse lapansi. Kum'mwera kwa Africa kuno tiliponso: kachilombo kotchedwa Spelaeogriphus lepidops, kamene Isabella Gordon anakalemba m'mabuku a sayansi mu 1957, kwawo ndi m'timitsinje ta m'mapanga a Table Mountain ku Cape Town.

Kumene nkhaniyi inakumana maso ndi maso ndi migodi ndi ku Western Australia, ndiye tiyambire kumeneko. M'dera louma la Yilgarn muli malo oposa 200 a miyala ya laimu yobookabooka imene inaumbika m'zigwa za mitsinje yakalekale, ndipo pansi pake pamakhala madzi. Pakati pa malo ena ndi anzake pali dongo ndi dothi lothinana limene kachilombo sikangadutsemo. Chris Watts wa ku South Australian Museum ndi Bill Humphreys wa ku Western Australian Museum, pamodzi ndi anzawo, apezamo mitundu pafupifupi 100 ya tizikumbu ta m'madzi topanda maso, ndipo pafupifupi mtundu uliwonse umapezeka pamalo amodzi basi. Kafukufuku wa DNA amene Remko Leys ndi anzake anatulutsa mu 2003 anasonyeza kuti makolo a tizikumbuti analowa pansi kambirimbiri, m'malo osiyanasiyana, makamaka zaka pakati pa 9 ndi 4 miliyoni zapitazo pamene dzikolo linkauma ndipo mitsinje ya pamtunda inkaphwa.

Zimenezi zinafika mpaka pa matebulo a akuluakulu a boma. Mu 2007 bungwe loteteza chilengedwe la m'chigawocho linalangiza kuti mgodi wa chitsulo wa Mesa A, pafupi ndi Pannawonica m'dera la Pilbara, usatsegulidwe chifukwa cha tizilombo ta m'mphako za phirilo timene sitinapezeke kwina kulikonse. Chilolezo chinadzatuluka kampani ya Rio Tinto itasintha mapulani n'kusiya mbali ina ya phiri yosakumba. Mu 2016 bungwe lomwelo linalangiza kuti asaloleze mgodi wa uranium wa Yeelirrie pa chifukwa cha tizilombo ta m'madzi a pansi, koma kumayambiriro kwa 2017 nduna inavomereza ntchitoyo. Wina angagwirizane ndi bungwe, wina ndi nduna. Koma onani pamene panagona nkhani: kodi kachilombo kopezeka pamalo okumbapo ndi kamtundu umodzi ndi kamene kapezeka kutsidya kwa chigwa? Mukati ndi umodzi, ndiye kuti mtunduwo uli ndi kothawira ndipo mgodi upitirire. Mukati ndi iwiri, ndiye kuti dzenje limodzi lingafafanize mtundu wathunthu. Mzere umene katswiri amajambula pakati pa mitundu uli ndi ndalama kumbuyo kwake, ndipo n'chifukwa chake tikuti uzijambulidwa poyera.

Dziwaninso kuti sikuti mpaka fosholo ifike pamene tizilomboti tili. Dzenje la mgodi likapyola pamene madzi amayambira, madziwo amapopedwa usana ndi usiku kuti anthu agwire ntchito pouma, ndipo madzi a pansi amatsika m'dera lonse lozungulira. Ngati tizilombo timakhala m'mamita ochepa a pamwamba pomwe mwala uli wobookabooka, madzi akangotsikira pa mwala wogwirana, mudzi wawo watha ngakhale pamtunda udzu uli bwinobwino.

Maso amanamiza motere. Mumdima, nyama zosiyana makolo zimafika pofanana: maso amatha, khungu limayera, thupi limawonda kuti lilowe m'ming'alu. Ndiye katswiri akayang'ana pa maikulosikopu amaona chimodzimodzi. Ku Europe kuli gulu la abale a nkhanu lotchedwa Niphargus, limene lili ndi mitundu yoposa 400 yolembedwa kale. Peter Trontelj wa ku Ljubljana ku Slovenia ndi anzake anayeza DNA ya tizilombo ta m'madzi a pansi timene mabuku ankati ndi mtundu umodzi wofala m'mayiko angapo. Mu 2009 anasonyeza kuti ambiri mwa mayinawo ankabisa mitundu ingapo yosiyana kwambiri, ndipo kuti n'zosowa kupeza mtundu weniweni wofalikira mtunda woposa makilomita 200. Koma maso amanamizanso mwanjira ina. Kachilombo ka Asellus aquaticus ka m'mitsinje ya pamtunda ndi kakuda ndipo kali ndi maso, pamene mnzake wa m'mapanga a ku Slovenia ndi woyera ndi wosaona. Aliyense angalumbire kuti n'tosiyana, komabe mu labotale timakwerana n'kubereka ana.

Ndiye anthu anathamangira ku DNA. Njira yofala, imene Paul Hebert wa ku Guelph ku Canada anaitchukitsa mu 2003, ndi kuwerenga kachigawo kamodzi ka DNA kotchedwa COI, ka zilembo 658 (DNA imawerengedwa ngati mndandanda wa zilembo), n'kuyerekeza tizilombo tiwiritiwiri kuti tasiyana pa zilembo zingati. Ambiri anazolowera kunena kuti kusiyana kukapitirira 2 kapena 3 peresenti, ndiye kuti ndi mitundu iwiri. Pa zilembo 658, 2 peresenti ndi zilembo 13 zokha. Muyezo umenewo unayenda bwino pa agulugufe ndi mbalame, zimene zimauluka n'kusakanikirana. Pansi pa nthaka zinthu sizili choncho. Mabanja a mtundu umodzi amakhala motalikirana kwa zaka zikwi zambiri, aliyense m'kang'alu kake, ndipo DNA yawo imapatukana ngakhale akanatha kuberekana atakumana. Tristan Lefébure ndi anzake ku Lyon, atayeza nkhanu ndi abale ake mu 2006, anapeza kuti malire oyenerera gululo ali cha pa 16 peresenti, poyeza motsata nthambi za mtengo wa ubale. Mwaona kutalikirana kwa 2 ndi 16. Tizilombo tomweto, wina angatiwerenge n'kupeza mitundu khumi, wina n'kupeza itatu, ndipo onse n'kunena kuti agwiritsa ntchito sayansi.

Ife a ku Malawi sitiyenera kuchita kuuzidwa kuti peresenti si mtundu. Kafukufuku wa mu 2018 wa Milan Malinsky ndi anzake, amene anawerenga DNA yonse ya nsomba 134 za mitundu 73 ya m'banja la mbuna ndi utaka m'nyanja yathu, anapeza kuti mitunduyo imasiyana ndi 0.1 mpaka 0.25 peresenti yokha. Chikhalirecho msodzi wa ku Chembe amaisiyanitsa mosavuta, ndipo nsombazo zimadziwana pokwatirana. M'nyanja muli mitundu yambiri yosiyana pang'ono pa DNA. Pansi pa nthaka mungakhale mtundu umodzi wosiyana kwambiri mkati mwake.

Pali misampha ina ya COI imene wowerenga lipoti ayenera kuidziwa. Kachigawoka kali mu mitochondria, tizigawo ta m'selo topanga mphamvu tokhala ndi DNA yaketake, ndipo mwana amakalandira kwa mayi yekha, kotero kamafotokoza mbiri ya akuchikazi basi. Ngati zazimuna zimayenda pakati pa malo awiri koma zazikazi zimakhala pamodzimodzi, COI idzaonetsa mpanda pomwe palibe. Mabakiteriya a Wolbachia, amene amakhala m'maselo a tizilombo tambiri ndipo nawonso amadzera mwa mayi, angathe kufalitsa mzere umodzi wa mitochondria mpaka kudutsa malire a mitundu, n'kupangitsa mitundu iwiri kuoneka ngati umodzi. Komanso nthawi zina kachidutswa ka COI kamakoperedwa n'kulowa mu nyukiliyasi, chikatikati cha selo mmene mumakhala DNA yambiri, n'kumawonongeka m'menemo pang'onopang'ono. Makina akawerenga kachidutswa kakufako m'malo mwa COI yeniyeni, pamatuluka "mtundu watsopano" womwe kulibe. Kugwira bodza limeneli n'kosavuta: masulirani zilembozo zitatuzitatu kuti zikhale puloteni, potsata kawerengedwe ka mitochondria ya nyama zopanda msana. Mukapeza chizindikiro choti puloteni yathera pakati, kapena chilembo chimodzi chasowa, kapena mizere ya makina ikuoneka yosanjikizana, tayani zotsatirazo muyambirenso.

Msampha woopsa kuposa yonse si wa mu labotale ayi, ndi wa kumene mwatola. Tiyerekeze mijigo isanu yondandana m'chigwa chimodzi, kilomita imodzi pakati pa uliwonse ndi unzake. Tizilombo ta mu mjigo woyamba tasiyana ndi ta wachiwiri ndi 2 peresenti, ta wachiwiri ndi ta wachitatu chimodzimodzi, mpaka kumapeto. Wotola m'mijigo yonse isanu aona kusintha kwapang'onopang'ono kwa mtundu umodzi. Wotola mu woyamba ndi wachisanu mokha apeza mwina 7 kapena 8 peresenti, pakati palibe kanthu, n'kulengeza mitundu iwiri. Mpata umene wauonawo ndi mpata wa ulendo wake, osati wa chilengedwe. Mapulogalamu a pa kompyuta ogawira mitundu, monga ABGD, ASAP, GMYC ndi PTP, sangachize vuto limeneli chifukwa amagawa zimene mwawapatsa. Jeet Sukumaran ndi Lacey Knowles anachenjeza mu 2017 kuti ngakhale njira zamphamvu zogwiritsa ntchito majini ambiri zimazindikira mabanja otalikirana, koma sizingakuuzeni ngati mabanjawo afika pokhala mitundu.

Nanga umboni wodalirika ndi uti? Woposa onse ndi kupeza mizere iwiri ya mbadwo m'madzi amodzi, yosiyana pa COI komanso pa majini a mu nyukiliyasi monga 28S, ITS kapena H3, popanda wosakanizika ngakhale mmodzi. Zikakhala pamodzi koma osaberekana, nkhani yatha. Ku Sturt Meadows, pafupi ndi Leonora ku Yilgarn komwe kuja, kuli tizikumbu ta mitundu itatu ya gulu la Paroster, yapachibale chenicheni, yokhala m'mwala umodzi: wamkulu, wapakati ndi wamng'ono. Pamalopo pali zitsime zoposa 100 zobooledwa ndi ofufuza miyala, zondandana m'mizere, ndipo n'zimene zinathandiza akatswiri kuona bwino kuti mitundu itatuyo siisakanikirana. Koma mizere ikakhala m'malo otalikirana, chilengedwe sichinatiyesere, ndipo katswiri amagamula poona zinthu zingapo pamodzi: COI, majini awiri kapena atatu a mu nyukiliyasi, maonekedwe a ziwalo zoberekera ndi za pakamwa atayang'ananso mwachifatse, ndiponso mapu a miyala osonyeza ngati pali dongo kapena mwala wogwirana wotchinga njira. Zonsezi zikaloza kumodzi, lembani mitundu iwiri. Zikatsutsana, lembani kuti zatsutsana. Ife maganizo athu ndi akuti pamene pali chikaiko, mzere wopezeka pamalo okumbapo pokha uzitengedwa ngati mtundu pawokha kufikira umboni utasonyeza zina, chifukwa kugawa molakwa kungakonzedwe chaka chamawa, pamene kuphatikiza molakwa kumadziwika dzenje litakumbidwa kale.

Tsopano za katoledwe, popeza DNA yabwino imayambira pachitsime. Malangizo amene boma la Western Australia linatulutsa mu 2007 ndi poyambira pabwino. Chitsime chikhale choti chatha miyezi 6 chibooledwe, chifukwa matope ndi mafuta a makina oboolera amathamangitsa tizilombo ndipo timachedwa kubwerera. Paipi ya m'chitsimemo ikhale ndi timipata pa mulingo umene madzi ali. Ikakhala yotseka, mudzatola madzi okhaokha n'kulemba kuti mulibe kanthu. Chida chake ndi kaukonde kakatali kosongoka kunsi, kokhala ndi kabotolo ndi cholemetsa kunsi. Mumakatsitsa mpaka pansi, kukagwedeza kangapo kuti matope avunduke, kenako kukoka pang'onopang'ono. Mukakoka mothamanga madzi amakankhidwa patsogolo pa ukonde ndipo tizilombo timapulumuka. Chitani zimenezi ka 6 pa chitsime chilichonse: katatu ndi ukonde wa maso a mamaikulomita 150, katatu ndi wa 50 (mamaikulomita 1,000 ndiwo milimita imodzi). Wa maso aakulu sutsekeka msanga ndi matope. Wa maso aang'ono umagwira timene sitifika milimita imodzi. Malangizowo ankafuna zotola 40 kuchokera m'zitsime zosachepera 10 m'dera lokhudzidwa, pa nyengo ziwiri zotalikirana miyezi itatu. Kwathu kuno zingatanthauze kutola kumapeto kwa dzinja ndi pakati pa chilimwe. Ndipo mutole mochuluka chomwecho kunja kwa dera lokhudzidwa, apo ayi simungadziwe ngati mtunduwo uli ndi kwina kokhala.

Ukonde uzitsukidwa ndi sopo wa mu labotale ndi kutsukuluzidwa ndi madzi oyera musanapite pa chitsime china. Izi zimaoneka zazing'ono, koma kachilombo kamodzi kokakamira mumsoko wa ukonde kakagwera m'botolo la chitsime cha kutali, lipoti lidzanena kuti mtunduwo ndi wofala, ndipo mgodi udzaloledwa pa umboni wa ukonde wakuda.

Mjigo wa m'mudzi wa pampu ya Afridev musaumasule kuti mutsitsemo ukonde, ndi madzi akumwa a anthu amenewo. Pemphani kwa komiti ya mjigo ndi kwa amfumu, kenako pukusani madzi malita 100 kapena kuposa kudzera mu sefa ya maso a 50 yomangirira pakamwa pa mpopi. Mudzapeza tochepa, tina tophwanyika ndi pampu, komabe DNA imatuluka. Mjigo wothiridwa kumene klorini usiyeni. Kumchenga wa mumtsinje njira yake amayi amaidziwa kale: fukulani dzenje pafupi ndi madzi mpaka madzi atayamba kutsikiramo, dikirani lidzaze, tungani n'kusefa. M'mabuku njirayi amaitcha ya Karaman ndi Chappuis. Tokhala m'mphako zachinyontho pamwamba pa madzi timakoledwa ndi kapaipi ka PVC koboola timabowo, kodzaza masamba ouma onyowetsedwa. Masambawo muyambe mwawatenthetsa kuti tizilombo ta pamtunda tife, kenako lendewetsani kapaipiko m'dzenje ndi chingwe, tsekani pamwamba, mudzachotse patapita masabata 6 mpaka 8.

Zotolazo zilowe mu ethanol wa 95 peresenti kapena kuposa, pomwepo pachitsime. Formalin, amene malabotale ambiri a m'masukulu ali naye, amawononga DNA. Spiriti wofiirira wa m'sitolo alinso ndi zosakaniza zina, musamudalire. Mawa lake khuthulani ethanol woyambayo n'kuthira watsopano, chifukwa madzi otuluka m'matope ndi m'matupi a tizilombo amamusungunula ndipo DNA imayamba kuola. Botolo lisakhale padzuwa m'galimoto. Liikeni mu kula bokosi, kenako mufiriji yoziziritsa kufika pa madigiri -20. Dzina la chitsime, tsiku ndi manambala a GPS zilembedwe ndi pensulo pa kapepala koponyera m'botolo momwemo, popeza inki imasungunuka mu ethanol ndipo cholemba kunja chimafufutika. Potenga DNA musapere kachilombo konse. Kakakhala ka mamilimita atatu kapena kuposa, mwendo umodzi kapena iwiri ikwana. Kakachepa kwambiri, kajambuleni kaye, kaviikeni m'mankhwala osungunula mnofu okhala ndi proteinase K, kenako vuulani chikhakha chake n'kuchisunga. Popanda chikhakhacho palibe amene angadzabwerere kudzaona ngati mtundu wa pa kompyutawo uli ndi maonekedwe akeake. Ndipo pa malo aliwonse yezani tizilombo 5 mpaka 10 ngati tapezeka. Kamodzi kokha sikangakuuzeni kusiyana kumene kuli mkati mwa banja.

Madzi ambiri a pansi m'dziko muno ali m'miyala yakale yofumbutuka ya kumtunda ndi mumchenga wa m'mbali mwa nyanja ndi m'chigwa cha Shire, osati m'mapanga akuluakulu ngati a ku Slovenia. Choncho sitikunena kuti pansi pa mgodi uliwonse pali Yilgarn wina. Koyambira kuyang'ana ndi kumene kuli miyala yosungunuka ndi madzi, monga ya laimu ya ku Changalume ndi ku Balaka, ndi mapiri a carbonatite (mwala wa chiphalaphala wofanana ndi wa laimu) ngati Kangankunde ndi Songwe Hill, kenako mchenga wokhuthala wa m'mitsinje. Ubwino wake, makampani ofufuza miyala amaboola maenje ambirimbiri asanakumbe, ndipo maenje omwewo, akasiyidwa ndi chotsekera m'malo mokwiriridwa, ndiwo zitsime zotolera. Mtengo wa ukonde ndi ethanol ndi wochepa poyerekeza ndi wa kuboola dzenje limodzi.

Pempho lathu kwa a MEPA ndi kwa olemba malipoti ndi lakuti pa ntchito iliyonse yodzapopa madzi a pansi mochuluka, lipoti lizinena zitsime zimene anatolamo, mkati ndi kunja kwa dera lokhudzidwa, ndi miyezi yake. Lizinena peresenti imene anagawira mitundu ndi chifukwa chimene anaisankhira pa gulu limenelo la tizilombo, ndipo lisonyezenso mmene chiwerengero chikanakhalira akanagawira pa nambala yotsika ndi yokwera. Zilembo za DNA ziikidwe pa GenBank kapena BOLD, nkhokwe za pa intaneti zosungira zilembo za DNA, kuti wina aliyense athe kubwereza masamuwo. Ngati zotola zikupita kunja kukayezedwa, zituluke ndi chilolezo motsata pangano la Nagoya, la mayiko pa kagawanidwe ka phindu lochokera ku zamoyo za dziko, limene dziko lino linalowamo, ndipo gawo lina la tizilomboto, lolembedwa bwino, litsale m'dziko muno, kunyumba yosungirako zinthu zakale ku Chichiri kapena ku yunivesite, kuti kampani yotsatira ikadzaboola phiri loyandikana nalo ikhale ndi poyerekezera.

Ndife,
Aphunzitsi awiri a sayansi ya zamoyo,
Zomba